Agogo Akafuna Loya ku Mzimba

M'mawa wina pa Jenda, minibasi yopita ku Mzimba boma ikudikira kudzaza, ndinakhala pafupi ndi mayi wina wokalamba amene anafumbata jumbo ya shuga pachifuwa ngati wanyamula khanda. M'jumbomo munali buku la kuchipatala la malemu mwana wawo, timalisiti ta malata ndi simenti tofiira ndi utsi wa m'nyumba, khadi la mpingo, ndi chiphaso cha unzika chokulungidwa m'kansalu. Anali atadzuka tambala woyamba kumudzi kwawo cha ku Embangweni, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto ndi ndalama ya nkhuku ziwiri zimene anagulitsa dzulo lake.

Nkhani yawo anandifotokozera m'Chitumbuka, mawu ali pansipansi. Mwana wawo wamwamuna anakhala ku Joni zaka zambiri, akutumiza ndalama mwezi ndi mwezi, mpaka nyumba ya njerwa zootcha inaima ndipo m'khola munalowa ng'ombe zinayi. Kenako anadwala, namwalira konko. Thupi linabwera pagalimoto, maliro anaikidwa, ndipo anamfedwa asanamwazikane alamu awo a mayiwo, azibale a malemu amuna awo, ananena kuti nyumba ndi ng'ombe n'za banja. Mkazi wa malemu anauzidwa kuti abwerere kwawo, ana asiye. Agogowo anauzidwa kuti abwerere m'kanyumba kawo kakale kaudzu. Pawailesi anali atamvapo kuti boma lili ndi maloya a anthu osauka. "Koma mwana wanga," anatero, "loya angakhale pansi n'kumamvera ine, munthu wosadziwa n'kulemba dzina lomwe?"

Angathe, ndipo kumvera mayi ngati ameneyu ndi ntchito imene malamulo anapereka kwa maloya a boma. Chimene chimasowa kwa okalamba ambiri kumwera kwa Mzimba ndi munthu wowauza khomo loti agogode, komanso ndalama yofikira pakhomopo.

Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994, m'gawo 41, amati munthu aliyense ali ndi ufulu wokadandaula kubwalo la milandu ndi kuthandizidwa. Gawo 42 limati womangidwa ali ndi ufulu wokhala ndi loya, ndipo ngati chilungamo chikufuna kutero, loyayo alipiridwe ndi boma. Gawo 13 limatchula okalamba mwachindunji pakati pa anthu amene boma liyenera kuwalemekeza ndi kuwathandiza. Kuti mawuwa asathere papepala, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Legal Aid Act la 2011, limene linabala bungwe la Legal Aid Bureau. Kale ntchitoyi inkagwiridwa ndi nthambi ya mu Unduna wa Zachilungamo, zimene zinali zovuta pamene wosauka akufuna kusumira boma lomwelo. Bungwe latsopanoli linayamba ntchito mu 2015 ngati loima palokha. Likulu lake lili ku Lilongwe, ofesi ya chigawo cha kumpoto ili ku Mzuzu, ndipo m'zaka zapitazi lakhala likutsegula maofesi m'maboma. Munthu wofika pa Mzimba boma angoyamba wafunsa kwa kalaliki wa khoti la majisitireti kapena ku ofesi ya bwanamkubwa, amuuza komwe angawapeze a Legal Aid.

Akafika kumeneko, amafunsidwa zinthu ziwiri zikuluzikulu: ngati alidi wosowa moti sangathe kulipira loya payekha, ndiponso ngati nkhani yakeyo ili ndi mutu woti n'kupita nayo kukhoti. Amene ali ndi kangachepe akhoza kupemphedwa kusonkhako pang'ono. Amene alibiretu amathandizidwa ulere. Thandizo lake silithera pa kuimirira munthu pamaso pa woweruza. Nthawi zambiri chimene chimapulumutsa nkhalamba ndi uphungu wa ola limodzi, kapena kalata yodindidwa yopita kwa wolanda katunduyo yomuuza zimene lamulo likunena. Anthu ambiri olusa pabwalo la kumudzi amazizira akalandira kalata yotere.

Maloya a bungweli ndi ochepa poyerekeza ndi mulu wa milandu, ndipo nthawi yawo yambiri imathera pa milandu yakupha, imene imazengedwa ku khoti lalikulu lokha ndipo oimbidwa ake pafupifupi onse ndi osauka. Fayilo ya agogo olandidwa ng'ombe ikhoza kudikira. Mu 2021 bungweli linapempha kuti akatswiri ake othandizira maloya aziloledwa kuimirira anthu m'makhoti ang'onoang'ono, koma bungwe la maloya la Malawi Law Society linatsutsa. Kwa ine, munthu wa ku Khosolo kapena ku Luwerezi amene sanaonepo loya moyo wake wonse akanapindula ndi ganizo limenelo. Mzimba ndi boma lalikulu kuposa onse m'dziko muno, la anthu oposa 900,000 pa kalembera wa 2018, ndipo kuchoka pa boma kufika ku Mzuzu, komwe kuli khoti lalikulu ndi maofesi a maloya olipidwa, ndi ulendo wa makilomita oposa 100. Wochokera kwa Inkosi Mabulabo amakhala atatha kale ndalama asanafike n'pa boma pomwe. Mlandu ukaimitsidwa kawiri katatu, mbuzi zatha.

Chuma cha masiye

Milandu yambiri ya okalamba kuno imayambira pamaliro. Mzimba ndi dziko la malobolo: mkazi amapita kukakhala kwa mwamuna, ana ndi a kuchimuna, munda ndi khola zimayenda mumzere wa abambo. Mwambowu uli ndi nzeru zake, ndipo pamene ukuyenda bwino, mkazi wamasiye amasungidwa pamudzi mpaka imfa, palibe womuloza chala. Koma mwambo unapangidwa pa nthawi imene chuma chinali ng'ombe ndi nthaka. Lero pali nyumba yamalata yomangidwa ndi ndalama za ku Johannesburg, chigayo, golosale pa Jenda, galimoto, ndalama za mufoni. Zinthu zimenezi zikaoneka, ena amakumbukira mwambo mbali yokhayo imene ikuwakomera.

Lamulo la chuma cha masiye la 2011, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1967 ndipo linasintha zinthu kwambiri. Munthu akamwalira osasiya wilu, chuma chake chimapita kwa mkazi kapena mwamuna wake, ana ake onse, ndi anthu amene ankadalira iye. Pakati pa odalirawo lamulo limatchula kholo limene malemu ankalisamala mpaka nthawi ya imfa yake. Apa m'pamene mayi wa muminibasi uja anali ndi poimira: mwana wawo ndiye ankawadyetsa, choncho ali ndi gawo, pamodzi ndi mtengwa wawo ndi zidzukulu. Alamu aja, malinga ndi lamuloli, ali kumbuyo kwenikweni kwa mzere. Wamasiye amasunganso katundu wa m'nyumba amene ankagwiritsa ntchito, ndipo pa mitala mkazi aliyense amasunga za m'nyumba mwake. Chachikulu n'chakuti kulanda chuma cha masiye tsopano ndi mlandu wa kupolisi, umene chilango chake chikhoza kufika zaka 10 m'ndende. Ambiri mwa olandawo sadziwa zimenezi, ndipo olandidwanso sadziwa.

Kuti chuma chigawidwe mwalamulo pamafunika chikalata cha kukhoti chopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chumacho. Pa chuma chochepa ofesi ya bwanamkubwa imathandiza, ndipo palinso ofesi ya boma ya Administrator General imene ntchito yake ndi yomweyi. Ngati imfa inachitikira ku South Africa, chiphaso cha imfa ndi mapepala onse obwera ndi thupi asatayike pa chipwirikiti cha maliro. Mapepala amenewo ndiwo amadzatsegula akaunti ya kubanki kapena ndalama za kuntchito kwa malemu.

Nkhani ya munda njosiyana pang'ono. Malo ambiri ku Mzimba ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu pansi pa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V wa ku Edingeni. Lamulo la malo a makolo la 2016, limene linakonzedwanso mu 2022, linabweretsa makomiti a malo m'midzi ndi mabwalo apadera oweruza mikangano ya malo, kuyambira kwa mfumu yaikulu kukwera m'mwamba. Mafumu a ku Mzimba analitsutsa poyera lamuloli litangotuluka, poona kuti likuwachotsera mphamvu ndi kusokoneza mwambo wa Angoni. Choncho kumudzi mkangano wa malire a munda umayambabe kwa nyakwawa, kupita kwa gulupu, kenako kwa inkosi. Njira imeneyi siyoipa. Ili pafupi, imayenda m'Chitumbuka, ndipo oweruza ake amadziwa mtengo umene agogo anabzala pamalire. Koma wokalamba apemphe kuti chigamulo chilembedwe ndi kudindidwa, chifukwa akadzafuna kupitirira nayo nkhaniyo, funso loyamba la loya lidzakhala lakuti, "Nanga amfumu anagamula zotani?"

Pamene nkhani si ya pamphala

Angoni ndi Atumbuka ali ndi mphala, pomwe akuluakulu amakhala pansi n'kuunika nkhani mpaka anthu agwirane chanza. Zambiri zimathera pamenepo, ndipo n'kwabwino kuti zizitero, pakuti chibale ndi fupa. Koma pali nkhani imodzi imene siyenera kuthera pamphala ngakhale pang'ono: kutchula nkhalamba kuti ndi mfiti.

Mu Disembala 2022 Amalawi ambiri anaona pafoni zawo kanema wochokera m'boma lomwe lino la Mzimba. Amayi awiri okalamba anazunzidwa kumanda pa mwambo wa maliro, akunenedwa kuti ndiwo apha malemuyo m'matsenga. Anakakamizidwa kukwirira manda, akumenyedwa, khamu likuonerera. Apolisi anamanga anthu pambuyo pake. Zaka zingapo m'mbuyomo, mu Januwale 2016, okalamba anayi a banja limodzi anaphedwa ku Neno mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Bungwe la MANEPO, limene limasonkhanitsa mabungwe oona za okalamba ndipo mkulu wake ndi a Andrew Kavala, lakhala likulira chaka ndi chaka za okalamba ophedwa mwa njira imeneyi.

Lamulo la za ufiti la 1911, ngakhale ndi la nthawi ya atsamunda, likugwirabe ntchito, ndipo limanena momveka kuti kuloza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Kuitana sing'anga woti adzafufuze mfiti pamudzi ndi mlandunso. Wolakwa pamaso pa lamulo ndi wonenayo, wonenedwa alibe mlandu. Komabe zaka za m'mbuyomu okalamba ena anamangidwa chifukwa choti, atapanikizidwa, anavomera kuti ndi afiti, ndipo khoti linawapeza olakwa pa mlandu wodzitcha mfiti. A George Thindwa ndi bungwe lawo la Association for Secular Humanism anamenya nkhondo yaikulu kuti anthu otere atulutsidwe. Phunziro lake kwa wokalamba aliyense ndi ili: musavomere chinthu pofuna kuti phokoso lithe, musadinde chala papepala limene simunawerengeredwe ndi munthu amene mumamukhulupirira, ndipo mukatengedwa ndi apolisi nenani kuti mukufuna a Legal Aid. Womangidwa ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu womasuliridwa zonse m'chiyankhulo chimene amamva.

Mukayang'anitsitsa, kawirikawiri kumbuyo kwa mawu akuti mfiti kumakhala dimba lachonde, nyumba, kapena ng'ombe. Munthu akangodetsedwa dzina, kumuthamangitsa sikuvutanso. N'chifukwa chake tsiku loyamba limene mphekesera zayamba ndilo tsiku lopita ku polisi, ku nthambi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit, osadikira kuti nyumba iyake. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 silinalembedwere okwatirana okha. Kholo lozunzidwa ndi mwana kapena wachibale wa m'nyumba likhoza kupempha khoti la majisitireti chiletso choti wozunzayo asaliyandikire. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo lapadera la okalamba, Older Persons Act, lotsatira ndondomeko ya boma ya 2016 imene imawerengera ukalamba kuyambira zaka 60.

Makomo ena

Si nkhani iliyonse imene imafuna loya wovala mkanjo. Milandu yambiri m'makhoti a majisitireti, monga ngongole, ziweto zoononga mbewu, kapena chithandizo cha ana osiyidwa ndi makolo amene ali ku Joni, imayenda popanda loya. Wodandaula amafotokoza kwa kalaliki, amalipira kandalama kochepa ka chisamani n'kulandira lisiti, ndipo tsiku la mlandu amayankhula yekha kudzera mwa womasulira. Agogo amene amatha kufotokoza nkhani pabwalo la amfumu akhoza kuifotokozanso pamenepo.

Alipo anthu ophunzitsidwa malamulo amene si maloya koma ndiwo amafika kufupi ndi mudzi. Bungwe la PASI linayamba ntchito yake m'chaka cha 2000 poyendera ndende, polisi ndi makhoti, kuthandiza osauka kumvetsa milandu yawo ndi kupempha belo, ndipo linayambitsanso ntchito yophunzitsa amkhalapakati a m'midzi. Mipingo nayo ili ndi nthambi zake. Sinodi ya Livingstonia ya CCAP, imene mizu yake kumwera kwa Mzimba inazama kuyambira pamene Donald Fraser anakhazikitsa mishoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902, ili ndi nthambi ya Church and Society. Akatolika ali ndi CCJP, imene imafika m'maparishi. Kwa nkhalamba yambiri, m'busa, wansembe kapena mayi wa umanyano ndiye munthu woyamba amene angamuuze zakukhosi, ndipo atsogoleri amenewa akadziwa kolozera anthu, theka la ulendo latha. Ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma kumapita nkhani za ana amasiye ndi za Mtukula Pakhomo. Mphunzitsi kapena msilikali wopuma amene penshoni yake yakanirira m'maofesi a boma apite kwa Ombudsman, amene salipiritsa ndipo ali ndi ofesi ku Mzuzu. Bungwe la Malawi Human Rights Commission limalandiranso madandaulo a kuphwanyiridwa ufulu kwaulere.

Maloya olipidwa nawo lamulo lawo limawalamula kugwirako ntchito yaulere yothandiza osauka chaka chilichonse kuti chiphaso chawo chipitirire, kotero kufunsa ku Malawi Law Society kapena ku bungwe la maloya achizimayi la Women Lawyers Association si kupempha chifundo chopanda maziko. Chenjezo ndi la madobadoba, anyamata a mataye ozungulira pakhomo la khoti ndi polisi amene amati amadziwana ndi bwana. Loya weniweni ali ndi ofesi, ali ndi chiphaso cha chaka chimenecho, dzina lake lili pamndandanda wa Malawi Law Society, ndipo ndalama iliyonse imene walandira amalembera lisiti. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Aliyense wokuuzani kuti mupereke kenakake kuti fayilo iyende, ameneyo akukudyerani mbuzi yanu yomaliza.

Chimene chimandipweteka kwambiri pa nkhani yonseyi n'chakuti mdani wa wokalamba pa milandu imeneyi sakhala mlendo. Amakhala mlamu, mwana wa mchimwene, nthawi zina mwana wobereka yekha. Munthu amene akanawaperekeza agogo ku boma, kuwawerengera kalata ndi kuwasungira foni, ndi yemweyo amene akuwalanda. Ndipo agogo amaopa kuti akasumira m'bale, adzawaika m'manda ndani? Mantha amenewa si opusa, ndipo wothandiza amene amawanyoza sadzathandiza aliyense. Loya wabwino amayamba wafunsa chimene wokalambayo akufuna. Kawirikawiri safuna kuti munthu amangidwe. Amafuna kugona m'nyumba yawo, kulima munda wawo, ndi kuti zidzukulu zisachotsedwe sukulu. Zimenezi zimatheka ndi kukambirana kolembedwa, pamaso pa amfumu ndi mboni, wolandayo akudziwa kuti akaphwanya pangano khoti lilipo.

Timati mlandu suola, koma kukhoti milandu ina ili ndi malire a nthawi, ndipo mboni zokalamba zimamwalira. Wopita kukafuna thandizo asazengereze, ndipo anyamule zonse zimene ali nazo, monga anachitira mayi uja: chiphaso cha unzika, malisiti, kalata ya ukwati ya kumpingo, chiphaso cha imfa, chigamulo cha amfumu, ndi maina a anthu amene analipo popereka malobolo kapena poloza malire. Mauthenga a mufoni osonyeza ndalama zimene malemu ankatumiza asafufutidwe. Kuno mayi amadziwika pamudzi ndi dzina la mfunda wa bambo ake loyamba ndi Nya, kumpingo analembedwa ndi dzina la mwamuna, pachiphaso pali lina. Ndi bwino kumufotokozera wothandizayo zimenezi poyambirira, mapepala asanasemphane kutsogolo.

Chotsala ndi wilu, chinthu chimene ambiri amachiopa ngati kudziitanira imfa. Lamulo la 2011 silifuna zambiri: munthu wazaka 18 kapena kuposerapo, wamutu wabwino, alembe kapena alembetse zofuna zake, asayine kapena adinde chala pamaso pa mboni ziwiri zimene zili pamodzi nthawi yomweyo, ndipo mbonizo zisayinenso. Mboni zikhale anthu amene sakulandirapo kanthu. Akhoza kulemba m'Chitumbuka kapena m'Chichewa, koma atchule zinthu bwinobwino: nyumba iti, ng'ombe zingati, chigayo chipite kwa yani, ndani adzayang'anire ana. Uphungu umenewu ndi wa agogo, komanso makamaka wa ana awo amene akukwera mabasi a ku Joni pa Jenda ndi pa Mzimba boma sabata iliyonse. Mnyamata amene akumangira mayi ake nyumba alembe kuti nyumbayo ndi ya yani, asanadutse pa Mwanza kapena pa Dedza. Pepala limodzi lisungidwe kwa m'busa kapena kwa munthu wina wodalirika amene si wa pabanjapo, lina ku ofesi ya bwanamkubwa kapena kwa loya, ndipo mayiwo auzidwe komwe lili.